Tsitsi la Kayal ndi Maluwa a Athai

Inu anzanga, siyani kaye zimene mukuchitazo, chifukwa zimene zinamuchitikira Kayal, mwana wa a Chellappan, Lamlungu lija, sizomvera uku ukusesa. Kuno ku Kulasekharam aliyense akukamba zake. Wina akuti mtsikanayo anaterereka n'kugwera m'madzi, wina akuti dzuwa linamuzunguza mutu. Bodza lokhalokha! Nkhani yake yeniyeni nayi.

Kayal mukamuonera kumbuyo, choyamba kuona ndi tsitsi. Lakuda bii, likalukidwa kunenepa kwake ngati mkono wa mwana, kutalika mpaka kuseri kwa mawondo. Ndipo tsitsi limenelo lili ndi mwini wake wina: Athai Rajammal, azakhali ake, alongo awo aakulu a bambo ake. Mayi ake a Kayal anamwalira iye asanayambe n'komwe sukulu, ndiye kuchokera pamenepo Athai, amene amakhala khomo loyang'anizana ndi lawo, ndiwo akhala akulidzoza mafuta a kokonati, kulipesa ndi kuliluka m'mawa uliwonse. Mpaka lero, chimtsikana cha zaka makumi awiri ndi ziwiri chimakhalabe pansi pakati pa miyendo ya Athai, n'kumauzidwa kuti, "Khala bwino iwe, usagwedeze mutu."

Tsono vuto ndi ili. Athai ali ndi mwana wamwamuna, Dhanasekar, amene tonse timangoti Dhana. Wabwera posachedwapa kuchokera ku Dubai, unyolo wagolide m'khosi, magalasi akuda osavula ngakhale kukuchita mitambo. Ndipo mukudziwa kwathu kuno, mwana wa azakhali ndiye amakhala patsogolo pamzere wa ofunsira ukwati. Koma mtima wa Kayal unapita kalekale kwa Mugilan, mnyamata woweta njuchi wa ku Marthandam, amene anamutayira uchi pa sari m'basi chaka chatha, n'kupepesa ulendo wonse mpaka kupitirira potsikira pake. Kunyumba palibe amene ankadziwa. Palibe ndi mmodzi yemwe!

*

Loweruka masana Athai analengeza kuti mawa lake banja lonse likukayenda. Poyamba ku Thottipalam, mlatho wa ngalande uja wa ku Mathur, kenako kumathithi a Thirparappu. Kayal anasangalala mpaka kudumpha. Anathamangira kuseri kwa chitsime ndi foni yake, n'kumulembera Mugilan.

"Mawa tili ku Thottipalam, kenako kumathithi. Ubwere, udzangondiona ndi maso."

"Msuweni wako wamagalasi uja aliponso?"

"Aliponso. Nanga timumangirire kunyumba ngati mbuzi?"

"Ndiye ine ndikudzatani? Kudzakunyamulirani ambulera?"

"Nsanje idzakupha usanakalambe iwe. Bwera."

"Ndiona."

Mugilan akati "ndiona" ndiye kuti malaya wasita kale. Kayal ankamudziwa.

*

M'mawa mwake Athai anabwera ndi chipeso monga mwa masiku onse, koma kudzanja linalo ananyamula sari yasilika yatsopano, yachikasu ngati mango okupsa.

"Athai, silika kokayenda? Kumadzi?"

"Ukufuna uzioneka ngati wogulitsa nsomba pazithunzi? Vala. Ndipo tembenuka kuno, lero ndiluka mothina."

Kayal sanaganize kanthu. Maso anayamba kutseguka atalowa m'minibasi. Anapezamo amayi atatu, anzawo a Athai, onse apabanja, onse atavala silika, zibangili zili ngwengwengwe. Amayi amenewa kokayenda wamba? Mayi Kamalam aja, oti ngakhale kumsika amatuma mdzukulu? A Chellappan anakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, osatembenuka ngakhale kamodzi. Dhana anali atadzithira mafuta onunkhira, botolo lonse ndithu. Koma kupyola fungo la Dhanalo, mphuno ya Kayal inagwira kafungo kena, kozizirira, kotsekemera. Anagwetsa mpango dala n'kuwerama. Pansi pa mpando wa Athai panali dengu, ndipo m'dengumo, atakulungidwa m'tsamba la nthochi lonyowa, munali maluwa a malli, oyera mbee, olukidwa chingwe chachitali chokwanira mutu wa mkwatibwi.

Mayo ine! Mayi wa mnyamata akakusomeka maluwa m'tsitsi pamaso pa amayi apabanja, basi yatha, watomeredwa, palibe kubweza. Athai anayesapo kale kuitanira anthu kunyumba, koma Kayal ankazemba, ulendo wina ati mutu ukuwawa, ulendo wina ati kwa mnzake kuli mwambo. Tsono lero anamutulutsa m'mudzi, kumupititsa kumene kulibe chipinda chodzitsekeramo.

"Wataya chiyani pansipo?" anafunsa Athai.

"Mpango, Athai."

"Wautola? Khala tsonga, ungakwinye sari."

Anabisa foni m'mphepete mwa sari n'kulemba: "Mugilan, m'dengu muli maluwa. Ndi msampha. Sindimadziwa." Koma uthengawo sunapite. Njira ya m'minda ya labala ija mukuidziwa, netiweki yake ndi yamwayi.

*

Ku Thottipalam kunali anthu ngati pachikondwerero. Ana asukulu, mabanja atsopano ogwirana manja mwamanyazi, ogulitsa chinanazi chothira mchere ndi tsabola. Mlathowo unali pomwe agogo athu anausiya, utatambalala kuchoka phiri ili kukafika phiri ilo pamwamba pa zipilala zake zazitali, madzi a ngalande akuyenda phee m'mwambamo ngati alibe nazo ntchito zoti pansi pali mtsinje wina.

Dhana anauyang'ana n'kuseka.

"Kamlatho aka ndi kamene mumatama? Ku Dubai ine ndimamwa tiyi panyumba yoti mitambo imadutsa m'munsi mwa zenera. Tiyeni, nditsogole."

Anatsogoladi, chifuwa chili patsogolo. Kanjira ka pamwambapo n'kopapatiza, anthu awiri onenepa sangapatukirane osapepesana. Athai anamugwira Kayal pamkono ngati wakuba n'kumatsatira. Mphepo ikuwomba, sari zikuuluka, amayi atatu aja akukuwa ndi kuseka nthawi imodzi. Ngakhale Kayal, ndi mavuto akewo, anamva kukoma. Nsonga za mitengo ya kokonati zili pansi pa mapazi, mtsinje ngati kaulusi, amayi ochapa kumeneko ngati nyerere zovala zamitundumitundu.

Atafika pakatikati, Dhana analakwitsa chinthu chimodzi. Anasuzumira pansi.

Abale! Munthu wa ku Dubai uja anangoti khwethe, wakhala pansi, manja onse awiri atakumbatira chitsulo cha m'mbali.

"Amma," anatero ndi kamawu ka mwana, "mlathowu ukugwedezeka."

"Ukugwedezeka ndi iweyo! Dzuka, ukutichititsa manyazi."

"Sindidzuka. Itanani galimoto."

"Galimoto ikwera pati pano, mwana wopusa iwe?"

Kumbuyo mzere unayamba kutalika. Ana asukulu anayamba kuwomba m'manja: "Amalume akhala! Amalume akhala!"

Apa m'pamene kutsogolo kunatulukira mnyamata wamtali, woderapo, malaya abuluu osita bwino, kachidutswa ka chinanazi kali m'manja. Kayal maso tuzu. Mugilan! Mnyamatayo anayang'ana Kayal, anayang'ana sari yasilikayo, anayang'ananso munthu wokumbatira chitsulo uja. Anamuzindikira, nanga si magalasi. Kunena zoona wina akanangomudumpha n'kumapita. Koma Mugilan anagwada pambali pake.

"Achimwene, musayang'ane pansi. Yang'anani madzi ali pafupi nanuwa. Mwawaona? Amadutsa pano tsiku lililonse, sanagwepo. Gwirani mapewa anga tiyende nawo limodzi, liwiro lawo lomweli."

"Ukandisiya ndikupha."

"Mukandipha mutsala nokha pano. Tiyeni."

Anayenda choncho ngati sitima ya mabogi awiri, Mugilan patsogolo, Dhana atamatirira kumsana maso ali pamadzi, ana asukulu kumbuyo akuliza "kuu! kuu!" Athai ankangopukusa mutu. Kayal analuma mpango kuti asaphulike ndi phwete.

Atangoponda nthaka kutsidya, Dhana anamukokera Mugilan pambali n'kumukumbatira.

"Thambi! Kuyambira lero ndiwe mng'ono wanga. Koma zijazi n'chifukwa choti sindinadye m'mawa, wamva? Si mantha."

"Ndamva, achimwene. Njala ndi yoipa."

"Uli ndi chochita lero? Tiye nafe kumathithi. Ndikufuna munthu wa manja okhazikika atijambule. Amayi akumusomeka maluwa msuweni wanga, uyo wavala zachikasuyo. Wamuona tsitsi? Langa lonselo."

Chinanazi chinagwa m'manja mwa Mugilan.

"Mwini wakeyo wavomera?"

"Sukuona sari wavalayo? Anagula ndi amayi. Mtsikana wokana amavala silika?"

*

Dhana analumbira kuti pamwamba paja sabwererapo, ndiye onse anatsika masitepe opita kumtsinje kuti dalaivala akawapeze njira yakumunsi. Athai mawondo awo ndi ovuta, anatsalira m'mbuyo ndi anzawo, kutsika sitepe imodzi n'kupuma. Kayal anati akukagula madzi a kokonati, n'kuzembera kuseri kwa chipilala. Mugilan anali pomwepo, nkhope ili ndwii.

"Mafuno abwino, mayi a kwa Dhanasekar."

"Iwe, usandiyambe. Sunalandire uthenga wanga?"

"Ndalandira ntchito. Ndine wojambula wanu. Mufuna zithunzi zoimirira kapena zokhala pansi?"

"Mugilan!"

"Unandiitana kuti ndidzaone ndi maso. Ndaona. Sari yakukhala bwino kwambiri."

Pomwepo foni inalira m'thumba mwa Mugilan. Uthenga uja unali utangofika kumene. Anawerenga, anawerenganso, kenako anayang'ana kumwamba kumene timadzi tinkadontha kuchokera pamlatho, n'kumakanda m'mutu.

"Netiweki," anatero motsitsa.

"Eya, netiweki. Ya m'mutu mwako ndiye inathawa kalekale. Ndikanafuna Dhana ndikanatha chaka chonse ndikunyambita uchi wako wowawasa uja?"

"Uchi wanga suwawasa."

"Ndiye usandiwawasire nkhope."

Mugilan anamwetulira, manyazi ali tho. Anafuna kumugwira dzanja, koma anthu ankadutsa, ndiye anangokhudza nsonga ya tsitsi kamphindi n'kuisiya.

"Ndipite kwa bambo ako pompano. Ndikagwade, ndinene zonse."

"Pamaso pa amayi atatu aja? Pofika madzulo tauni yonse ikhala itadziwa kuti mwana wa a Chellappan amakumana ndi anyamata kuseri kwa zipilala. Komanso Athai... Mugilan, Athai ndi mayi anga. Sindingawakanire pagulu. Akhoza kufa ndi manyazi."

"Nanga titani? Ndikabe dengulo?"

"Maluwa amagulitsa pakhomo pa kachisi aliyense, agula ena." Kayal analuma mlomo, kenako maso ake anawala. "Tamvera. Lero ndi Lamlungu. Nthawi yoipa ya Rahu imalowa hafu pasiti folo. Ikangolowa, Athai sangatunge ngakhale singano. Ndipo tsitsi lomasula sasomekamo maluwa, lomasula ndi la pamaliro. Langali likanyowa limatenga tsiku lathunthu kuti liume."

"Ulowa m'mathithi? Ndi silika?"

"Ndi silika yemweyo. Iwe ntchito yako ndi kujambula mochedwa ngati kamba wodwala."

"Ukudziwa kuti ndiwe wamisala?"

"Wadziwa lero?"

"Kayal!" Mawu a Athai anamveka pamasitepe. "Kokonatiyo ukuchita kukwera mumtengo wekha?"

*

Mathithi a Thirparappu umayamba kuwamva usanawaone. Kumapiri kunali kutagwa mvula, ndiye madzi ankatsika pathanthwe lonse, oyera ngati mkaka, phokoso loti polankhula uzichita kukuwa. Mbali ya amuna anyamata akudziguguda pachifuwa, mbali ya akazi amayi ali m'madzi ndi zovala zawo, kugwirana, kugwetsana, kuseka.

Anayala mphasa pamthunzi n'kudya mpunga wa bwemba ndi nthochi zokazinga. Athai ankadya maso ali pa wotchi ya mayi Kamalam. Dhana, mantha atamuthera, ankamufotokozera Mugilan za magalimoto a ku Dubai, uku akumuwonjezera mpunga m'tsamba. A Chellappan anangomufunsa mnyamatayo kwawo, n'kugwedeza mutu, basi.

"Tikatha apa tipita pakhomo pa kachisi," anatero Athai. "Kayal, kumadzi usayandikeko. Tsitsi limenelo landitengera m'mawa wonse."

"Ndingosamba m'manja, Athai."

Anaimirira. Anayenda pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mwana woleredwa bwino. Kenako anasolola riboni, anapukusa mutu, tsitsi lonse linangoti mbwee kumsana, n'kuliyatsa liwiro!

"Kayal! Iwe Kayal! Silika!"

Khuvuu! Analowa pansi penipeni pa mathithi. Madzi anamumenya pamutu, pamapewa, pamsana, ozizira mpaka m'mafupa. Anakuwa, osati ndi mantha ayi, koma ndi chisangalalo chokhachokha. Amayi osawadziwa n'komwe anamugwira manja kuti asagwe.

"Mwana iwe, ndi silika m'madzi? Wathawa ukwati kapena?"

"Eee!" anakuwa Kayal, podziwa kuti phokoso limeza mawuwo.

"Wachita bwino! Ife tinachedwa kuthawa!"

Anakhala momwemo. Athai akamukodola, iye n'kuyang'ana kwina. Milomo inada, zala zinakwinyika, mano akugundana, koma mtsikana osatuluka. Akasuzumira kumbali ya amuna ankamuona Mugilan ataima pamwala, manja pakamwa, akubisa kuseka. Koma dzuwa nalo linkapendeka mwaulesi, ngati linachita kupangana ndi Athai.

Ndipo Kayal anawaderera Athai. Mayi wa mawondo ovuta uja anapinda sari mpaka m'mawondo, analowa m'madzimo, anamugwira khutu n'kumutulutsa ngati kamwana ka mbuzi.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuumitsa mutu umenewu basi yasukulu ikuliza hutala panja. Ukuganiza kuti undigonjetsa lero?"

Ndiye mukanaona ntchito! Athai anapota thaulo lopyapyala n'kumalikwapula tsitsilo, thwa! thwa! madzi akuuluka. Mayi Kamalam anakapempha makala kwa wokazinga nthochi, anathirapo lubani, utsi uli tolo pansi pa tsitsi. Awiri enawo akukupiza ndi mbale zodyera. Za sari yonyowa musadandaule, Athai anali atanyamula ina, yobiriwira, pansi pa dengu. Mukuziona nzeru za akuluakulu?

"Athai, silinaume," anatero Kayal. "Ndidwala chimfine."

"Chimfine sichinaphepo mkwatibwi. Usagwedeze mutu."

Zala zinayenda, kuluka kunatha, riboni inamangidwa.

*

Pakhomo pa kachisi wakale uja wa pafupi ndi mathithi anamuimika Kayal kuyang'ana kum'mawa. Amayi atatu anamuzungulira. A Chellappan anaima chapambali, manja kumbuyo. Dhana anapereka foni yake kwa Mugilan.

"Thambi, ujambule bwino. Unyolo wanga uoneke."

Mugilan anakweza foniyo, anaitsitsa.

"Tadikirani. Dzuwa lili kumbuyo kwanu, nkhope zada. Sunthirani uku."

Anasuntha.

"Ayi, apa pakuoneka mgolo wa zinyalala. Bwererani."

Anabwerera.

"Amayi a kumapetowo atsinzina."

"Sindinatsinzine ine, maso anga ndi mmene alili!"

"Pepani amayi. Achimwene, foni yadzaza. Ndifufute ziti? Zilipo zambiri zoti mwatsamira galimoto yofiira ya eni ake."

"Usakhudze zimenezo! Jambula!"

"Mnyamata iwe," anatero Athai, mawu ali gwa, "ujambule usajambule, maluwa alowa. Kamalam, nthawi ili bwanji?"

"Ilipo, koma yatsala yongomwera madzi. Fulumira."

Athai anamasula tsamba la nthochi. Fungo la malli linadzaza pakhomo ponse. Kayal anayang'ana bambo ake, bambo ake anayang'ana zala zakumapazi, anthu oti chibadwire sanawakanirepo alongo awo kanthu. Anayang'ana Mugilan. Foni inali ikunjenjemera m'manja mwake, ndipo pakamwa panali patayamba kutseguka. Ayi, mnyamatayu anena zonse pompano! Kumbuyo kwa khosi anamva zala za Athai zikufunafuna posomeka.

"Athai, dikirani! Tsitsili si langa!"

Zala za Athai zinaima.

"Si lako? Ndi la yani?"

Mawu anatuluka okha, mutu usanawayeze.

"Ndinaliwinda. Chaka chatha, Appa, bambo anga, ali m'chipatala ndi chifuwa chija, ndinalonjeza kwa mulungu Murugan wa ku Tiruchendur kuti akachira ndidzameta lonse, ndikapereke. Sindinauze munthu."

Amayi atatu aja anadzimenya m'masaya. "Muruga! Muruga!" Mayi Kamalam anagwira dzanja la Athai n'kulitsitsa.

"Rajammal, usayerekeze. Tsitsi lowinda ndi la mulungu. Ungaike chizindikiro chako pa katundu wa mwini? Akapereke kaye, limere lina, maluwa pambuyo."

"Limere lina?" Dhana anachita kuvula magalasi. "Amete? Mpala? Amma, ine tchuthi changa chikutha mwezi wamawa! Ndijambulitse ndi mutu wonga kokonati?"

"Tseka pakamwa, uli pakachisi," anatero mayi Kamalam.

Koma chimene chinamuthyola Kayal ndi ichi. A Chellappan, bambo osalankhula aja, anayandikira misozi ili chuchuchu m'masaya. Anaika dzanja pamutu pa mwana wawo.

"Chifukwa cha ine, mwana wanga? Tsitsi lonseli?"

Kayal sanathe kuwayang'ana m'maso.

"Inde, Appa."

Pomwepo mayi Kamalam anasuzumira pa wotchi.

"Mulungu watiteteza kawiri. Rahu walowa."

Abale inu! Akanangoyetsemula, akanangonamizira kukomoka, nthawi ikanamupulumutsa yokha! Koma mawu anali atatuluka, ndipo anatulukira pakhomo pa kachisi. Chimene wanena pamalo otero, kaya unanama kaya sunaname, chasanduka chowinda basi.

*

Mugilan anabweza foni, Dhana anamukumbatiranso n'kumuuza kuti adzabwere kunyumba kudzadya, Mugilan ananyamuka osayerekeza kucheuka. Minibasi isanatuluke n'komwe m'Thirparappu, foni ya Kayal inanjenjemera pamiyendo.

"Wapambana! Palibe duwa lalowa! Koma Kayal, za tsitsizo ndi zoona?"

"Tsopano ndi zoona."

Mugilan anayankha:

"Mutu wampala ndi wabwino kwa mkazi wa woweta njuchi. Sizikodwamo."

Kayal anaseka, misozi ikugwera pafoni. Tsitsi kuti limere lofika poluka, si zamwezi umodzi. Dhana akhala atabwerera ku Dubai kwake, Mugilan akhala atapeza akuluakulu oti adzagogode pakhomo mwamwambo. Komanso ndani akudziwa, mwina chowindacho anthu adzachiiwala. Anayamba kupuma bwino.

Amayi atatu aja anali atagona, mitu ikugundana. Dhana ankafufuza zithunzi, n'kumadandaula kuti zonse zatuluka mapazi okhaokha. Athai nawo anali maso. Anakhala mpando wa kumbuyo kwa Kayal, dengu lili pamiyendo.

"Tsamira kuno," anatero. "Lamasuka."

Kayal anatsamira. Zala zozolowera zija zinamasula riboni n'kuyamba kulukanso, pang'onopang'ono, mosakoka. Kenako Athai anawerama mpaka mpweya wawo unafunda pakhutu pake.

"Bambo ako ali m'chipatala, iwe unkagona pamiyendo panga masiku onse. Unkalira, unkapemphera mokweza, ndinamva pemphero lililonse. Za tsitsi munalibemo."

Kayal anafuna kutembenuka, koma Athai anapitiriza.

"Ndipo wojambula uja, pamlatho woopsa manja ake anali phee. Pakhomo pa kachisi, pansi pabwinobwino, anayamba kunjenjemera. Mtsikana wanga, maso ndili nawo."

"Athai..."

"Usagwedeze mutu. Lachisanu likubwerali tikupita ku Tiruchendur. Ukafuna, uwauze bambo ako kuti misozi yawo ija analirira bodza, ndikusomeke maluwa, tsitsi likhale. Ukapanda kutero, ndikukhazika ndekha pamaso pa wometa, ndipo ndiligwira ine pamene lumo likudutsa."

Anamanga riboni kuti gwa, anasisita tsitsilo kuchokera pamwamba mpaka kunsonga, n'kuliika bwinobwino paphewa pa Kayal.

"Sankha wekha. Ndiwe wamkulu."